Musanakwere basi ya ku Dar, idziweni kaye foniyo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mwalandira ndalama zanu ku banki m'khonde ndipo mukufuna kuziika pa geni ya mafoni otsika mtengo ochokera ku Tanzania, koma amuna anu akukana, akuti mafoni amenewa ndi zidole, sachedwa kufa. Ndiye mwafunsa kuti ulendo wake umayenda bwanji, komanso ngati bambowo akunena zoona. Ine njira ya Songwe ndaiyenda zaka zambiri, ndipo ndikuyankhani ngati mng'ono wanga wa bere limodzi.

Njira yokhayo si yovuta. Kuchoka kuno ku Mzuzu mumatsika Chiweta, kudutsa Karonga mpaka pa chipata cha Songwe. Mukadinditsa pasipoti n'kuwoloka mlatho, mwafika pa Kasumulu. Kuchoka apo basi imadzera Tukuyu, Makambako, Iringa, Morogoro mpaka Dar es Salaam, ndipo ndi ulendo wotupitsa miyendo. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi, komanso Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti akakuuzani kuti basi inyamuka "saa moja" akunena 7 koloko m'mawa. Funsani kawiri. Katundu mumakamupeza ku Kariakoo, dera la misika mu mzinda wa Dar, ndipo masitolo ambiri a mafoni ali cha mu msewu wa Aggrey ndi tinjira tozungulira pamenepo. Zimenezi mudzaziphunzira ulendo umodzi wokha. Chimene chimagwetsa anthu ndi kusadziwa chinthu chimene akukaodacho, ndiye tiyeni tikhalitse pamenepo.

Mafoni amene amayenda kwambiri kwathu kuno ndi itel, Tecno ndi Infinix. Ambiri sadziwa kuti mayina atatuwa ndi a kampani imodzi, Transsion, ya ku Shenzhen m'dziko la China. Pambali pake pali ma Redmi otchipa a Xiaomi ndi ma Samsung aang'ono a mtundu wa Galaxy A. Kampani ya Transsion ija inalemerera mu Africa muno chifukwa inayang'ana mmene ife timakhalira, osati mmene amakhalira azungu. N'chifukwa chake ndikuti amuna anu akunena zoona theka lokha.

Batire ndiye mfumu ya foni yotchipa. Ambiri mwa mafoni amenewa amabwera ndi batire yaikulu, ya 5000mAh, ndipo poti makina ake ndi ang'onoang'ono, sadya moto wambiri. Munthu wa ku Euthini kapena ku Nthalire amene amalipira kuti atchajitse pa sola ya pa golosale, safunsa za kamera. Amafunsa kuti, "Moto imasunga masiku angati?" Mukamuuza kuti akamaigwiritsa ntchito mosamala igona n'kudzukanso, wagula. Ngakhale m'tauni momwe, magetsi akazima tsiku lonse, foni yodula imayamba kufa, yotchipayi ili moyo. Chachiwiri, imalowa ma SIM awiri. Mayi wa geni ali ndi Airtel Money mbali ino, Mpamba mbali inayo, ndipo safuna kumanyamula mafoni awiri m'chilundu. Chachitatu, chimene anthu amaiwala: ikasweka imakonzeka. Galasi lake, batire yake, pobayira chaja, zonsezi anyamata okonza mafoni mu msika wa Mzuzu kapena wa Lilongwe amakhala nazo, ndipo mtengo wake munthu amaukwanitsa. Foni yodula ikagwa pa simenti, mwini wake amaisunga m'thumba miyezi kudikira ndalama ya galasi. Onjezanipo wailesi ya FM, tochi, pobayira mahedifoni ndi polowetsa memory card, zinthu zimene mafoni ambiri odula anazichotsa kalekale. Ndiponso kamera za Tecno anazikonza kuti zizijambula bwino khungu lakuda, moti masana chithunzi chake munthu amachikonda.

Tsopano mbali imene bambo akwanu akunena.

Foni yotchipa imatopa msanga. Ikakhala yatsopano imathamanga bwinobwino, koma pakapita miyezi ingapo, WhatsApp itadzaza mavidiyo a ku gulu la mpingo, la maliro, la sukulu, imayamba kuima. Munthu akudina, iyo ikuganiza. Chimachititsa ndi zinthu ziwiri zimene muyenera kuzidziwa ngati dzina lanu. Choyamba ndi RAM, kumene foni imagwirira ntchito zimene mwatsegula. Ya 2GB ndi yoimbira, kutumizira ndalama ndi WhatsApp pang'ono, basi. Wokonda Facebook ndi TikTok mupatseni ya 4GB, apo ayi adzabwera nayo kwanu. Apa samalani ndi zolemba pa katoni. Mukaona alemba 4GB+4GB kapena 8GB ndi kanyenyezi pambali, RAM yeniyeni ndi 4GB, inayo ndi yobwereka ku malo osungira zinthu, ndipo siithamanga ngati yeniyeniyo. Musamuuze kasitomala kuti ndi 8GB. Chachiwiri ndi malo osungirawo. Ya 32GB ine ndinasiya kuoda, chifukwa gawo lalikulu limakhala latengedwa kale ndi mapulogalamu a foniyo isanatuluke n'komwe m'katoni. Yambirani pa 64GB. Mafoni otsikitsitsa amayendera Android Go, imene Google inapangira mafoni ochepa mphamvu, ndipo imathandizadi, koma siisandutsa bulu kukhala hatchi.

Batire yaikulu ija ilinso ndi vuto lake: chaja chimene chimabwera ndi mafoni otsikitsitsa n'chofooka, nthawi zambiri cha 10W, moti kudzaza kumatenga maola atatu kapena kuposa. Kamera usiku ndi m'nyumba ya mdima siithandiza, ngakhale kumbuyo kuoneke timaso titatu. Galasi pa dzuwa la masana siliwala mokwanira. Ena amabwera ndi timapulogalamu totsatsa malonda timene timadya bandulo mwakachetechete, ndiye ine ndisanapereke foni ndimakhala pansi ndi kasitomala n'kuzimitsa timene tingazimitsike. Komanso mafoni amenewa salandira Android yatsopano kwa nthawi yaitali. Zimenezi zimaoneka zazing'ono lero, koma kumbukirani kuti mu 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android yakale yosafika 5.0. N'chifukwa chake musakopeke ndi katundu wogonera amene akukugulitsani motchipa kwambiri. Onaninso kuti ndi ya 4G, pakuti a 3G okha akadalipo m'mashelefu.

Ndiye kodi ndi chidole? Ayi. Ndi foni yogwira ntchito yake, ndipo ikasamalidwa imatha zaka. Imasanduka chidole pamene wogulitsa wailonjeza ntchito imene siingathe. Apa m'pamene pagona geni yonse, achemwali. Phindu la pa foni imodzi yotchipa ndi lochepa kwambiri, chifukwa aliyense akugulitsa zomwezo ndipo kasitomala mtengo amaudziwa. Foni imodzi ikabwezedwa, yadya phindu la zinzake zingapo. Ndipo wogula sadziwa za Shenzhen kapena Kariakoo, amadziwa pakhomo panu. Itel, Tecno ndi Infinix ali ndi malo awo okonzera otchedwa Carlcare, koma musanalonjeze munthu walanti, mufunse kaye ngati foni yogulidwa kunja amailandira, ndipo musunge lisiti lake. Ine ndimauza kasitomala poyera masiku amene ndingamusinthire, ndipo ndimanenanso kuti yogwa m'madzi kapena yosweka galasi sindilandira. Timagwirizana foni isanachoke m'manja mwanga.

Ku Kariakoo mukangotsika, madobadoba adzakuzungulirani, aliyense akuti akudziwa sitolo yotchipa. Ena ndi anthu abwino, koma ndalama yawo imakwera pa mtengo wanu. Tsiku loyamba musagule kanthu. Yendani, funsani mtengo wa foni imodzimodziyo m'masitolo asanu, lembani m'kabuku. Mtengo ukatsika kwambiri kusiyana ndi ena onse, pali chifukwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pali mafoni a feki ovala dzina la kampani yodziwika. Pali akale amene awasintha chikuto n'kuwamatanso m'katoni ngati atsopano. Ndiye pali oopsa kwambiri, mafoni a ngongole: munthu anatenga foni yolipira pang'onopang'ono, n'kuigulitsa asanamalize. Imagwira bwinobwino mpaka tsiku limene eni ngongole aitseka ali kutali, ndipo imangosanduka mwala. Ine zinandionekera ndikuyamba kumene. Ndinatenga mafoni angapo kwa munthu wopanda sitolo chifukwa cha mtengo wokoma, awiri anatsekeka ali kale m'manja mwa makasitomala, ndipo ndinabweza ndalama za m'thumba mwanga. Mpaka lero zimandiwawa, makamaka poti mmodzi anali mayi wachikulire amene anagulitsa mbuzi kuti azilankhula ndi mwana wake wa ku Joni.

Choncho foni iliyonse muiyese, ngakhale wogulitsa akwinye nkhope. Imbani *#06#, patuluka nambala yozindikirira foniyo yotchedwa IMEI, ziwiri ngati ndi ya ma SIM awiri, ndipo zifanane ndi zolembedwa pa katoni. Lowani mu Settings muone RAM ndi malo osungira ngati zikugwirizana ndi zimene akunena. Ikanimo SIM yanu mbali zonse ziwiri, imbani, mverani sipika, bayani chaja, yendetsani chala m'makona onse a galasi. Ngati mukuoda ambiri omata, gwirizanani kuti mutsegule angapo amene mwasankha inuyo, osati amene wakusankhirani iye. Ndipo mutenge lisiti la makina, limene kumeneko amati la EFD, lolembedwa mtengo weniweni.

Lisiti limenelo ndi limene mukaonetse pa Songwe. Katundu wa malonda amalipiridwa msonkho ku MRA, ndipo ndi bwino kukafunsa ku ofesi yawo musananyamuke kuti mafoni akulipitsa motani panopa, chifukwa zimenezi zimasintha ndi bajeti ya boma. Ena adzakuuzani za ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a mu Africa muno, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwelo, monga zimene anzathu amadutsa nazo pa Mchinji, ndipo foni yochokera ku China siilowamo. Enanso adzakunong'onezani za njira zodutsa pa mtsinje usiku, kapena kubisa mafoni m'mabelo a zovala. Chonde musayese. Msewu wa M1 uli ndi malodibuloko, ndipo katundu wopanda mapepala akagwidwa mumataya mpamba wonse, pamene msonkho ukanangodya gawo. Ndalama ya banki m'khonde ili ndi maso a anzanu kumbuyo kwake.

Nkhani ina yowawa ndi ya kwacha. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 Reserve Bank inaigwetsanso ndi 44 peresenti. Amene anali atagulitsa katundu pa mtengo wakale, makamaka pa ngongole, anapezeka kuti ndalama ili m'manja koma siikukwana kuodanso chiwerengero chomwecho. Ndiye poika mtengo musamawerengere zimene munagulira zokha. Muziwerengera zimene mudzagulire ulendo wotsatira, kuphatikizapo thiransipoti, malo ogona, chakudya, msonkho, ndi zimene mumataya posintha kwacha kupita ku shilingi. Posinthapo muwerenge nokha, kawiri, ndalama isanachoke pamaso panu. Ngongole ya mwezi ukatha ndi imene imapha geni imeneyi kuposa akuba. Muziimbanso kaye kwa anzanu amene ali kumeneko musananyamuke, pakuti mu May 2023 amalonda a ku Kariakoo anatseka masitolo pokangana ndi boma lawo za misonkho, ndipo amene anafika masiku amenewo anangodya ndalama ya mpamba ku malo ogona.

Chinthu china chimene sindinauzidwe poyamba: ndalama yabwino ili pa tinthu ting'onoting'ono. Makava, mapulotekita a galasi, machaja, zingwe, mahedifoni, memory card. N'zopepuka, sizibwezedwa kawirikawiri, ndipo aliyense wogula foni amazifuna tsiku lomwelo. Zingwe mutenge za mitundu iwiri, Type-C ndi za kakamwa kakale ka micro-USB, poti mafoni akale akadali ambiri m'midzi. Koma machaja a feki ndi memory card zonama musatenge, zimaononga foni ndipo mlandu umabwera kwa inu.

Ulendo woyamba musapite nokha, ndipo musatenge ndalama yonse. Musananyamuke, funsani anthu khumi amene mukuganiza kuti angagule kwa inu, aphunzitsi, amayi a pamsika, anyamata a kabaza, kuti foni amaifunira chiyani ndipo angakwanitse zingati. Mayankho awo ndiwo akuuzeni mtundu woti mukaode. Mutenge mitundu iwiri kapena itatu yokha, imene okonza mafoni a kwanuko ali ndi zipangizo zake, muonjezepo ya mabatani ingapo ya agogo. Imodzi mwa yotchipayo muigwiritse ntchito inuyo mwini kwa mwezi wathunthu, ndipo amuna anu aigwireko, kuti pamene kasitomala akufunsani ngati imaima kapena imasunga moto, muziyankha zimene mwaona ndi maso anu.