Nzeru imene anandiuza kuti ndikapemphe

Amai, funso lanu ndaliwerenga katatu ndipo tulo tandithawa. Mayi amene mukuti wabwera pakhomo panu kachitatu mwezi uno kudzapempha unga, amene akuluakulu a mpingo akukuuzani kuti musamuzoloweze, mukhale anzeru, mayi ameneyo ndinali ine mu 2018. Ena muno mundizindikira, palibe kanthu, manyazi anga anatha kalekale.

Kolera ya nthawi ija mukuikumbukira nonse. Inayamba mu Okutobala 2017 kumakomboni a Lusaka, pofika Januwale asilikali anali mbwee m'tauni, ife ogulitsa m'misewu kutichotsa tonse, misika kutseka, masukulu osatsegula, odwala akuwatengera ku Heroes Stadium. Ine ndinkayala saka pafupi ndi City Market, matimati, anyezi, repu. Ndinali nditangooda mabokosi awiri a matimati ku msika wa Soweto, ndipo onse anawolera m'nyumba mwanga ku Kanyama, madzi ake akuyenda pansi pa bedi. Za kutichotsazo sindidandaula, anthu ankafadi. Koma mpamba wanga wonse unali m'mabokosi awiri amenewo. Atate a ana anali atatisiya mu 2016, abale awo anabwera ndi kalole nkusesa nyumba, mpaka mapoto. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti kuli lamulo la 1989 lonena kuti munthu akafa osalemba wilo, ana amatenga 50 peresenti, mkazi 20, makolo 20, ena odalira womwalirayo 10. Nthawi ya maliro ndani akanandiuza zimenezo? Chimene anandisiyira ndi makina osokera okha, a Singer opalasa ndi phazi, chifukwa anali a amai anga ochokera ku Katete ndipo ndinawagonera pamwamba ngati nkhuku pa mazira.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Febuluwale lendi miyezi iwiri, landilodi akugogoda m'mawa uliwonse, ana atatu akudya kamodzi, nsima ya pamela, kaunga kopima m'kapulasitiki, ndi chibwabwa chothyola kuseri kwa mpanda wa anthu. Mapemphero atayambiranso bwinobwino ndinalimba mtima nkupita ku komiti ya zachifundo ya mpingo wathu. Mpingo umene ndinausesa zaka 9, ndinaphika pamaliro a anthu osawerengeka, yunifomu ya amai ndinali nayo yochapa bwino.

Anandiitanira m'kachipinda ka kuseri tikaweruka. Anthu asanu kuseri kwa tebulo, pa tebulopo mabotolo a zakumwa ndi mbale ya mabisiketi. Mpando wopanda munthu unalipo umodzi, koma panakhala chikwama cha amai ena a kumayadi, ndipo palibe anachichotsa. Ndinaima chiimire mpaka kumapeto, mwana wanga wotsiriza wa zaka zisanu atagwira chitenje changa, maso ali pa mbale ija. Anayamba ndi khadi la zopereka. Analitembenuza uku ndi uku, nkuti kuyambira Novembala palibe cholembedwa, nanga madalitso adzera pati? Kenako foni. Foni imeneyo ndi ya zingati? Kafoni ka mabatani komanga ndi labala. Kenako tsitsi, akuti munthu wovutika amapeza kuti ya saluni, pomwe anandiluka ndi mwana wa mchemwali wanga pansi pa mtengo wa mango. Abale anu ali kuti, bwanji osabwerera kumudzi mukalime? Ndinkayankha zonse, inde atate, ayi amai, ngati ndili pa mlandu wakuba mbuzi.

Ndiye amai a chikwama aja anatsegula Baibulo, nkuwerenga Yakobo 1:5, kuti wosowa nzeru apemphe kwa Mulungu. Atatseka anati, amai, inu vuto lanu si unga, vuto lanu ndi nzeru, tikakupatsani lero mawa mubweranso. Wina anawonjezera ya Atesalonika ija, wosafuna kugwira ntchito asadye. Ine wodzuka 04:00 kukaoda ku Soweto! Apa mwana wanga anatambasula dzanja pang'onopang'ono kulunjika ku mbale ija, ndipo ndinamumenya kadzanjako mwamphamvu kuposa mmene ndinafunira. Sanalire. Anangondiyang'ana. Kumenya kumeneko kumandipweteka mpaka lero kuposa mawu awo onse. Anatigwira manja, kupemphera pemphero lalitali lokhala ndi mawu okoma, nkundipatsa K10 ya basi. Ndinayenda wapansi, K10 ija ndinagula pamela.

Zoipitsitsa zinali zisanafike. Ndili pageti, mmodzi mwa asanu aja ananditsatira, bambo wa suti, wolankhula motsitsa mawu. Akuti komiti ili ndi malamulo ake, koma ine pandekha ndingakuthandizeni. K600, kumapeto kwa mwezi mubweze K900, chikole makina aja. Anadziwa za makinawo chifukwa makatani a m'tchalitchi ndinasoka ndine, ulere. Ndinadziwa kuti ndi kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, sindinali mwana, koma landilodi anali atanena kuti Lolemba achotsa chitseko. Ndinasaina.

Mwezi utatha ndinali ndi K400 yokha. Anailandira, nkunena kuti yotsalayo yabereka. Mu Epulo, Lamulungu masana, atangochoka kutchalitchi suti ili m'thupi, anafika ndi mnyamata wa wilibala. Sanagogode. Pa makinapo panali yunifomu ya mwana wa kasitomala, singano ili m'kati mwa nsalu, ndinali pakati pa kupinda m'munsi. Anakweza singano yekha, anadula ulusi ndi mano, anaipinda yunifomuyo bwinobwino nkuiika pabedi. Kuipinda bwinoko ndiko kumandinyansa ndikakumbukira. Ndinagwada, ndinagwira mwendo wa thalauza lake, ndikuti atate, mukatenga awa ndibweza ndi chiyani? Anandiyankha ndi Salimo 37:21, kuti woipa amakongola osabweza. Komboni yonse ili panja kuonerera, makina a amai anga akugwedera pa wilibala m'matope, mwana wanga wamkulu akuwathamangira kumbuyo mpaka pa msewu.

Usiku umenewo ndinatsegula Baibulo, osati kuti ndipemphere ayi, ndinkafuna ndione ngati Mulungu analidi mbali yawo. Vesi lomwe lija la Salimo lili ndi theka lina limene bamboyo analimeza: wolungama amachitira chifundo ndi kupatsa. Ndinapitiriza kufufuza masiku otsatira, ndi mkwiyo. Eksodo 22 amaletsa kukongoza wosauka mwa chiwongoladzanja, ndipo akuti ukatenga chofunda chake ngati chikole umubwezere dzuwa lisanalowe, chifukwa agona ndi chiyani. Deuteronomo 24 ndiye anandiliza. Akuti usatenge mphero ngati chikole, chifukwa watenga moyo wa munthu. Akuti usalowe m'nyumba mwake kukatenga chikolecho, uime panja. Akuti chovala cha mkazi wamasiye usachigwire. Zitatu zonsezi munthu uja anazichita Lamulungu limodzi, ndipo sabata yotsatira anali kutsogolo akuyendetsa mbale ya chopereka. Mpaka lero amayendetsa. Akandiona amati amai muli bwanji, ine ndimati ndili bwino, koma kunena zoona kukhululuka kwanga kukadali pa theka, Ambuye akudziwa.

Ndipo Yakobo 1:5 amene anandikwapula naye, muwerenge mpaka kumapeto. Akuti Mulungu amapatsa onse mowolowa manja, osatonza. Osatonza! Iwo anatenga vesi la Mulungu wosatonza nkunditonza nalo. Yakobo yemweyo pa mutu 2 akunena za munthu wouza mbale wake wanjala kuti pita mu mtendere, ukafunde, ukakhute, osamupatsa kanthu. Ngati kuti anali nafe m'kachipinda kaja. Ine sindine wophunzira, ndinalekera Giredi 9, koma ndinaona kuti Solomoni atafunsidwa ku Gibeoni sanapemphe nzeru yosungira chuma, anapempha mtima womvera kuti aweruze anthu bwino. Ndipo mlandu umene talembedwera pomwepo si wa anthu a kumayadi, ndi wa akazi awiri achiwerewere okhala nyumba imodzi, akulimbirana khanda. Mfumu inawamvetsera. Ine anthu asanu analephera kundichotsera chikwama pa mpando.

Mukudziwa amene anandidzutsa? Agogo ena oyandikana nafe, ophika kachasu, amene ife amai a yunifomu tinkawadutsa ngati chitsa. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba. Tsiku lachitatu chitengedwere makina analowa, osanena zambiri, anamasula mfundo ya pa chitenje nkutulutsa K150 yamakwinya, yonunkha utsi. Akuti kagule thumba la malasha, uzipima m'timapulasitiki pakhomo pano, anthu sasiya kuphika. Sanafunse khadi, sanafunse foni, sanandipempherere nkomwe. Nditafuna kubweza patapita miyezi iwiri anakana, akuti kagulire ana nsapato. Kuchokera pa malasha ndinayamba vitumbuwa, ndinalowa chilimba, chosonkherana ndalama mosinthana, ndi amai anayi, mu 2020 ndinagula makina ena akale ku Kamwala. Agogowo anamwalira 2021, pamaliro awo a mpingo sanabwere chifukwa sanali mkhristu wa mabuku. Ine ndinavala yunifomu yanga nkukaphika, ndipo anandiitana kudzandifunsa chifukwa chake. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano inu amai, poti mwafunsa chochita. Ndalama m'manja musamupatse. Ndikudziwa, ndangonena kumene za K150 ya agogo, koma ine zinandiwotcha. Chaka cha chilala chija, 2024, boma litalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, magetsi akuzima tsiku lonse, unga utakwera, kunabwera mtsikana wina wa kwathu akulira ndi mwana kumsana. Ndinadziona ndekha mwa iye, ndinamupatsa K500 ya mpamba osafunsa kalikonse. Mwamuna wake anailanda usiku womwewo nkukaitaya pa kubetcha mpira pa foni. Anabweranso, ndinamupatsanso, inapitanso komweko. Kachitatu ndinamubisalira, ndinauza ana kuti anene kuti ndapita ku Chipata. Ine yemwe! Ndinakhala kuchipinda ndikumumva akuchoka, ndipo ndinadzimva fungo la komiti ija pathupi panga.

Ndiye funsani mafunso, koma osati pakhomo panu iye ataima inu mutakhala. Pitani kwawo. Nyamulani kathumba ka unga, kabotolo ka saladi, kapenta pang'ono, mukakhale pa mpasa wake. Maso anu adzakuuzani zimene pakamwa pake sipanganene: mbaula ngati yayaka lero, ana ngati akupita kusukulu, ngati pali mwamuna wolanda, ngati pali wodwala kuchipinda. Mwina mudzapeza kuti akukunamizani, zimachitika, anthu ena kupempha anakusandutsa ntchito. Mukatero mwataya unga wa masiku awiri basi, simufa nazo. Mumufunse chimene manja ake amadziwa. Wina amadziwa kuluka tsitsi, wina kuchapa, wina kukazinga chinangwa. Ngati ndi malasha, mupite naye limodzi mukagule thumbalo inu. Rute sanapatsidwe mtolo pakhomo, Boazi anauza anyamata ake kuti azimusiyira ngala dala m'munda kuti akunkhe yekha, abwerere kwa apongozi ake mutu uli m'mwamba.

Musamukongoze. Chimene simungathe kutaya musapereke, chimene mwapereka muchiiwale, ngongole imasandutsa mnansi kukhala mdani ndipo iye adzayamba kukuthawani pa mpopi. Komanso chonde, chonde, dzina lake lisafike ku komiti iliyonse popanda iye kuvomera, ndipo zomujambula atanyamula unga nkuika pa Facebook ndi mawu akuti tadalitsa wamasiye, zimenezo ayi. Dzanja lamanzere lisadziwe, Ambuye ananena okha pa Mateyu 6. Sindikuti makomiti onse ndi oipa, kumene ndimapemphera pano kuli amai ena amene amazungulira m'komboni mwakachetechete ndi mapamela m'chikwama, ndipo amalipirira ana amasiye mayunifomu popanda kulengeza kutsogolo. Koma akulu anuwo akanenanso kuti khalani anzeru, muwafunse mwaulemu kuti atate, kunyumba kwa mayiyu munafikako? Akati ayi, nzeru yawoyo aisunge.

Ndipo mukatopa mumuuze zoona, kuti amai lero ndilibe. Musabisale kuchipinda ngati ine. Mtsikana uja sanabwerenso, ndinamva kuti anabwerera ku Petauke, ndipo nambala yake siikugwira.

Ngati mayi wanuyo amatha kugwira singano, ngakhale kusokerera mabatani chabe, mundilembere ku inbox. Ndili ndi maoda a mayunifomu a Januwale ndipo maso anga madzulo sakuonanso bwino. Ndimalipira Loweruka lililonse, nsima ya masana amadya pano, ndipo mwana akhoza kubwera naye.