Zithunzi zafutukuka pa sikirini chiikireni Windows: kodi mugule khadi lina?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia, amene ali ndi kashopu kotayipira anthu makalata, kusindikiza mapepala ndi kukonza zithunzi za pa ziphaso. Kompyuta yawo ndi yapatebulo, yogwirapo kale ntchito, ndipo anaigula kuno ku Tete. Iwo analemba motere: "Chiikireni mnyamata wina Windows 10 yatsopano, zilembo zonse zakula, nkhope za anthu zikuoneka zofutukuka m'mbali, ndipo ndikalowa pa Display settings ndikungopeza 1024 x 768 popanda pondilola kusintha. Monita yanga ndi yotambalala, ya 1920 x 1080. Mnyamatayo akuti graphics card yafa, ndigule ina. Kodi ndigule?"

Mayi, musagule kaye. Graphics card ndi khadi la m'kompyuta limene limatumiza chithunzi ku monita, ndipo khadi lakufa kawirikawiri silionetsa chithunzi choyera chimene chongolakwika ndi kukula kwake. Likamafa limabweretsa mizere, timabokosi ta mitundu yosokonekera, kapena mdima wokhawokha. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti khadilo lili moyo, koma Windows sikulidziwa dzina, choncho ikulankhula nalo m'chinenero chosavuta chimene khadi lililonse limamva.

Ndiyambe ndi kufutukuka kwa nkhope, popeza pa ntchito yanu ya zithunzi za ziphaso ndi kumene kukupwetekani kwambiri. Sikirini ya monita yanu ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'mwamba, ndipo chiwerengero chimenechi sichisintha chifukwa ndi mmene galasilo linapangidwira. Kompyuta ikatumiza chithunzi cha 1024 x 768, chimene maonekedwe ake ndi a 4:3 ngati wailesi yakanema yakale, monita imachikoka kuti chidzaze galasi la 16:9, ndipo pochikokapo chozungulira chimasanduka ngati dzira. Chithunzi chimene mwasunga m'kompyuta sichinaonongeke, ndipo mukachisindikiza osachikhudza chidzatuluka bwino. Choopsa ndi chakuti inuyo muyambe kuchiwongola potsatira zimene maso akuona, chifukwa pamenepo ndi pamene mudzapatse kasitomala chithunzi cha nkhope yopanikizika.

Pakati pa Windows ndi khadi pamakhala pulogalamu yotchedwa driver, imene pa Chipwitikizi amati controlador. Munthu akaika Windows yatsopano, driver yakale imafufutika limodzi ndi zina zonse, ndipo ngati kompyutayo sinalumikizidwe ku intaneti nthawi yokwanira yoti itenge yoyenera, Windows imagwiritsa ntchito yongoyembekezera yotchedwa Microsoft Basic Display Adapter. Kuti mutsimikize, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe devmgmt.msc, kenako Enter. Ndasankha njira imeneyi dala chifukwa imagwira ntchito kaya Windows yanu ndi ya Chingelezi, kumene zeneralo limatchedwa Device Manager, kaya ya Chipwitikizi, kumene limatchedwa Gestor de Dispositivos. Tsegulani pa Display adapters. Mukapeza dzina la Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa dzina la NVIDIA, AMD kapena Intel, vuto mwalipeza kale.

Tsopano muyenera kudziwa kuti khadi lanu ndi liti, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, makamaka pa makompyuta ogula kwa anzathu amene alibe bokosi kapena pepala lililonse. Simufunika kumasula kompyutayo. Dinani kawiri pa dzina lija, mupite pa Details, musankhe Hardware Ids, ndipo muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ wotsatidwa ndi zilembo ndi manambala. Zinayi zotsatira VEN zimatchula kampani: 10DE ndi NVIDIA, 1002 ndi AMD, ndipo 8086 ndi Intel. Zinayi zotsatira DEV zimatchula mtundu weniweni wa khadilo. Manambala amenewa amachokera m'khadi momwemo, kotero amapezeka ngakhale driver palibe. Alembeni papepala mosamala, muwafufuze pa intaneti ngakhale pa foni, ndipo dzina la khadi lanu lituluka.

Mukadziwa dzinalo, katengeni driver pa tsamba la kampani imene inapanga khadilo, kapena la kampani imene inapanga kompyutayo ngati ili ya Dell, HP kapena Lenovo. Ndikupemphani kwambiri kuti mupewe timapulogalamu timene timalonjeza kukusakirani madriver onse nthawi imodzi. Ndakhala ndikulandira makompyuta ambiri amene timapulogalamuti tinawaika driver ya khadi lina, ndipo ena anafika atadzaza zotsatsa malonda zimene mwini wake sanaziitane. Dziwaninso kuti driver ya NVIDIA kapena AMD imalemera mamegabayiti mazana angapo, choncho onani kaye kuti pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel yanu mwatsala zokwanira, ndipo ikatsika muisunge pa fulashi kuti tsiku lina musadzalipirenso kachiwiri.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna kuukhalirapo pang'ono, chifukwa makompyuta ambiri amene amafika m'misika yathu ndi akale. Driver yatsopano kwambiri si ndiyo yoyenera nthawi zonse. Makampani amasiya kusamalira makhadi akale, ndipo driver ya lero imakana kulowa pa khadi la zaka khumi zapitazo. Mwachitsanzo, pa makhadi a NVIDIA, GeForce 210 inathera pa driver 342.01, pamene GeForce GT 710 imafuna madriver a m'gulu la 470. GT 730 ndiye yovutirapo, chifukwa pansi pa dzina limodzi lomwelo panatuluka makhadi osiyana m'kati, ndipo ena a iwo anathera pa 391.35, apa nambala ya DEV ija ndi imene ingakuuzeni zoona. Ngati kompyuta yanu ilibe khadi lapadera koma imadalira Intel HD Graphics 2000 kapena 3000 yomangidwira m'kompyuta momwemo, Intel sinaike zimenezi pa mndandanda wa zothandizidwa pa Windows 10, ndipo chanzeru ndi kuyamba ndi Windows Update, n'kuyang'ana pa Optional updates ngati pali driver ya Display.

Musanaike driver yoyenerayo, ngati mnyamata uja anayesapo kale kuika zina, ndi bwino kusesa kaye. Gwirani batani la Shift pamene mukudina Restart, mutsatire Troubleshoot, Advanced options ndi Startup Settings mpaka mulowe mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha, ndipo muli m'menemo muchotse zakalezo ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Display Driver Uninstaller. Kenako yatsaninso kompyuta mwachizolowezi, muike driver yanu, ndipo musadabwe sikirini ikathima ndi kuyaka kangapo. Mukabwerera pa Display settings musankhe 1920 x 1080. Ngati mwasankha chiwerengero chimene monita singathe, musazimitse kompyuta. Dikirani masekondi 15 ndipo Windows ibwerera yokha pamene inali. Zilembo zikakucheperani, musatsitsenso manambalawo, koma mukweze Scale kufika pa 125%, chifukwa njira imeneyi imakulitsa zilembo popanda kusokoneza chithunzi.

Zikhoza kuchitika kuti driver yalowa bwino, dzina la khadi likuoneka, koma 1920 x 1080 palibebe. Pamenepo maso anu apite kumbuyo kwa kompyuta. Choyamba, ngati muli khadi lapadera, chingwe cha monita chiyenera kulowa pa khadilo, limene mabowo ake amakhala m'munsi mopingasa, osati pa mabowo a m'mwamba oyandikana ndi a USB. Anthu amasokoneza zimenezi kawirikawiri akanyamula kompyuta kupita nayo kokonzetsa n'kubwera nayo.

Chachiwiri ndi chingwe chenichenicho. Monita imadzifotokoza yokha kwa kompyuta, kutchula dzina lake ndi kukula kwa zithunzi zimene ingathe kuonetsa, ndipo uthenga umenewu umatchedwa EDID. Pa chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu wa timano 15, uthengawo umadutsa pa dzino la nambala 12 ndi la nambala 15. Limodzi la manowa likapindika kapena kuthyoka, chithunzi chimafikabe chifukwa mitundu imadutsa pa mano ena, koma kompyuta siidziwanso monita imene ili patsogolo pake, ndipo imangopereka ziwerengero zazing'ono zimene ikudziwa kuti sizingalakwike. Zingwe zina zotsika mtengo, komanso timitu tina tosinthira HDMI kukhala VGA, sizidutsitsa bwino uthengawu ngakhale zili zatsopano. Chizindikiro chake muchipeza pa zenera la Device Manager lija, pansi pa Monitors: Generic PnP Monitor ndiye kuti monita yamveka, koma Generic Non-PnP Monitor ndiye kuti sinamveke. Bwerekani chingwe kwa mnzanu muyesere musanagule, ndipo ngati monita ndi khadi zonse zili ndi HDMI kapena DVI, siyani VGA. Ngati mukhalabe pa VGA, dinani batani la Auto pa monita mukatha kusintha, kuti chithunzi chikhale pakati ndipo zilembo zisaoneke zachimbuuzi.

Mawu a mnyamata uja angakhale oona pokhapokha ngati mutaika driver yoyenera, Device Manager ikuonetsa chizindikiro chachikasu ndi Code 43, kapena ngati mizere ndi timabokosi tikuoneka kompyuta ikangoyaka Windows isanalowe, nthawi imene driver sinayambe n'komwe kugwira ntchito. Ngakhale pamenepo, zimitsani kompyuta, muzule chingwe cha magetsi, ndipo munthu wodziwa atulutse khadilo, alipukute fumbi, aone ngati fani yake ikuzungulira, n'kulibwezera molimba. Kuno ku Tete ndi ku Moatize kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala pamodzi ndi fumbi zimafooketsa makhadi ambiri. Kwanuko ku Angónia kumazizira, komabe fani yotsekeka ndi fumbi imatenthetsa khadi kulikonse. Ndipo likapezeka kuti lafadi, ntchito yotayipa ndi kukonza zithunzi za ziphaso siifuna khadi lapadera: pa makompyuta ambiri a mu ofesi mukhoza kulichotsa, n'kulumikiza monita pa mabowo a m'mwamba aja, Intel HD Graphics n'kupitiriza ntchito.

Ndikukumbutseninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwachizolowezi pa 14 Okutobala 2025. Izi sizikuletsa driver yanu kulowa, koma popeza mumasunga makalata ndi zithunzi za anthu, muzikopera ntchito zawo pa fulashi kawirikawiri. Mukayesa zonsezi n'kukanika, ndilembereninso, mayi, ndipo mu imeloyo muikemo mzere wonse wa Hardware Ids, mawu amene alembedwa pansi pa Monitors, ndi mtundu wa chingwe chimene mukugwiritsa ntchito.