Khonde la matabwa: tisiye mipata kapena tiwathithikize?

Funso: Ndikumanga khonde la matabwa kuseri kwa nyumba, mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, loyang'ana ku phiri. Mizati ndi mitanda zaikidwa kale. Mmisiri wanga akuti matabwa tiwathithikize ngati pansi pa m'nyumba kuti pasaoneke mipata. Wina wandilonjezanso matabwa a mkungudza pamtengo wotsika. Nditani? — Mayi wa ku Chitakale, Mulanje

Yankho: Mayi, musalole kuti awathithikize. Ine ukalipentala ndimagwirira ku Luchenza, ndipo makonde owola omwe ndaphwasulapo ambiri matenda ake anali amenewa. Kuno mvula ndi yambiri, ikangoleka pamabwera chiperoni mu June ndi July, thabwa n'kukhala lonyowa masiku angapo osaona dzuwa. Thabwa likamwa madzi limafufuma m'lifupi mwake. Likasowa kofufumira limakankha linzake, limatukuka, n'kuzula misomali. Madzi osowa potsikira amadikha, pamamera ndere, mwana n'kuterereka.

Siyani mpata wa mamilimita 5. Msomali wa mainchesi 4 ndiwo muyeso wathu: mumaulowetsa pakati pa matabwa awiri pa mtanda uliwonse, kukhoma thabwalo, n'kuuchotsa. Koma yambani mwaona ngati matabwawo ndi ouma. Ocheka kumene, olemera ndi ozizira mukawagwira, adzafota okha, mpata uja n'kukula mpaka kulowa mwendo wa mpando. Asanjeni pamthunzi, timitengo pakati, aume milungu ingapo.

Asanakhome msomali woyamba, awerengere. Thabwa la mainchesi 6 likapalidwa limatsala pafupifupi masentimita 14. Kuphatikiza mpata, 14.5. Mukayala motsata khoma, mamita 3 aja adya matabwa 20, n'kutsala masentimita 10 a thabwa lomaliza. Izi zili bwino. Choipa n'kufika kumapeto ndi kachidutswa kopyapyala ngati chala, kamene kamang'aluka msanga. Ine ndimayala onse osakhoma, n'kuyang'ana. Thabwa lathunthu ndi lowongoka kwambiri likhale kunja, poonekera, long'ambidwalo libisale kukhoma, ndipo nalonso lisagunde khoma, pasiyidwe sentimita imodzi.

Khoma musalikhulupirire, makoma ambiri a njerwa zootcha sawongoka. Kokani chingwe kuti thabwa loyamba ligone molunjika. Ngodya muione ndi tepi: masentimita 60 mbali imodzi, 80 mbali inayo, pakati pa nsonga ziwirizo pakwane 100. Pakatha matabwa anayi kapena asanu, yezaninso mbali zonse ziwiri kuti mtunda wotsala ukhale wofanana. Kakusiyana kakang'ono mumakakonza pa mipata, pang'onopang'ono, diso osaona.

Taonaninso mitanda ija. Ngati matabwa ndi a inchi imodzi, mitanda isatalikirane kuposa masentimita 40, apo ayi adzanepa mukaponda. Khonde lipendekeke pang'ono kuchoka kunyumba, sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndipo pansi pake pazidutsa mphepo. Polumikiza matabwa afupi pagwere pa mtanda, koma osati pa mtanda womwewo mizere yotsatizana. Thabwa lomwe lapindika kale ngati chikho aligoneke chamsana m'mwamba kuti madzi azitsetsereka. Misomali ikhale iwiri pa mtanda uliwonse, yosachita dzimbiri, ndipo kunsonga aziboola kaye. Nsongazo azisiye zitalike, adzazidule zonse pamodzi pomaliza potsata chingwe.

Za mkungudza, chonde kanani. Ndikudziwa chimene umakopera: fungo lake, komanso chiswe sichiukhudza. Koma uwu ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndipo mitengo yaikulu inatha ndi macheka. Womwe akukulonjezaniwo ndi wodula mobisa. Inu nomwe mukumanga khonde kuti muziona phirilo, zimandiwawa kuganiza kuti matabwa ake achokere komweko.

Gulani paini wothiridwa mankhwala, uja wooneka mobiriwira, kapena bulugamu wokhwima ndi wouma bwino. Bulugamu ngolimba koma amang'aluka, choncho aziboola paliponse asanakhome. Paliponse pomwe sowo yadutsa apakepo mankhwala a matabwa, chifukwa madzi ndi chiswe zimalowera kunsonga. Mafuta opaka pamwamba muzibwereza chaka chilichonse mu September kapena October, mvula isanayambe.