Yankho: Kodi African Studies ndi mbiri yakale chabe?

Achimwene, mwafunsa ngati African Studies ya ku Edinburgh ikusiyana ndi digiri ya History, ndiponso chifukwa chake munthu akaphunzire za Africa ku Scotland.

Zimasiyana ndithu. Centre of African Studies ya pa University of Edinburgh, yomwe inayamba mu 1962, imasonkhanitsa akatswiri a mbiri, ndale, chuma ndi chikhalidwe cha anthu kuti nkhani imodzi aionere mbali zonse. Tengani kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Wa mbiri adzakuuzani zimene zinachitika ku Mbombwe ndi ku Magomero. Koma simungamvetse mkwiyo wa anthu aja osadziwa thangata, ntchito yokakamiza ya m'maesiteti, ndi msonkho wa nyumba. Simungamvetsenso Chilembweyo osawerenga za mipingo ya Abaptisti akuda a ku Virginia, ku America, komwe anaphunzira, kapena za amuna amene ankatengedwa kupita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Zonsezi m'maphunzirowa zimakhala pa mphasa imodzi, ndipo n'chimene ine ndimawakondera.

Funso lachiwirilo limandiwawa pang'ono. Makalata ambiri a mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, zomwe zinayamba mu 1875 ndi 1876, akusungidwa ku Edinburgh komweko, kutali ndi adzukulu a anthu otchulidwamo. Mukapita, kawerengeni, koma kafukufuku wanu mudzamalizire kuno: ku National Archives ku Zomba, ndi pakhonde la agogo odziwa nyimbo ndi mayina a mafuko amene amishoni sanawalembe.