Fizi, msonkho ndi cheke ya boma: yankho kwa mayi wa ku Laval

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Laval, tsidya lija la mtsinje kwa ife a ku Montreal. Dzina ndasunga. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, unzika wa Canada analandira posachedwapa, ndipo chisankho cha chigawo cha Quebec cha mu Okutobala 2026 chikhala choyamba kwa iwo kuvotera phungu wa kuno. Alemba motere: "Mwana wanga akumaliza cégep, akufuna yunivesite. Kuntchito anzanga akukangana tsiku ndi tsiku. Ena akuti tivotere otsitsa msonkho, ena akuti oletsa fizi kukwera, ena akuti zonsezo n'zachabe bola munthu wotsitsa mitengo m'golosale. Ine malipiro anga ndi ochepa. Chondithandiza n'chiti?" (Cégep ndi koleji imene ana a kuno amalowa atamaliza sekondale, asanapite ku yunivesite.)

Mayi, zikomo pondilembera. Chipani sindikusankhirani. Koma mkangano wa anzanuwo ndauonapo kawiri, mu 2012 ndi mu 2022, ndipo maulendo onse awiri zimene zinachitika chisankho chitatha zinali zosiyana ndi zimene tinkakanganirana pa nthawi ya kampeni.

Ndiyambe ndi anzanu a m'golosale, chifukwa awo ndi osavuta kuwayankha. Palibe nduna yaikulu ya chigawo imene ingatsitse mtengo wa batala. Mitengo itakwera ndi 8.1 peresenti mu Juni 2022, zimene dziko lino linali lisanaonenso kuyambira mu 1983, amene anagwira chingwe ndi Bank of Canada, banki yaikulu ya dziko, ku Ottawa. Anakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.25 peresenti kumayambiriro kwa 2022 kufika pa 5 peresenti mu Julaye 2023, kuti ngongole iwawe, anthu achepetse kugula. Ndipo akamati mitengo yakhazikika sakutanthauza kuti yabwerera pakale. Imangokwera pang'onopang'ono kuchokera pomwe inafika. Ife ochokera kwa makwacha zimenezi sitifunika kuphunzitsidwa. Chimene chigawo chingagwire makamaka ndi mitengo yake: magetsi a Hydro-Québec, laisensi ya galimoto, malo osungirako ana, fizi, msonkho wa pogula zinthu wa 9.975 peresenti umene umaonekera pa lisiti pambali pa 5 peresenti ya Ottawa, komanso malipiro otsikitsitsa amene amasintha pa 1 Meyi chaka chilichonse. Wandale akakuuzani kuti athana ndi kukwera kwa mitengo, mufunseni kuti mwa zimenezi agwira chiti.

Mu 2022 François Legault, nduna yaikulu ya Quebec panthawiyo, anayankha funsoli ndi macheke. Mu bajeti ya Marichi anapereka $500 kwa aliyense wolandira zosaposa $100,000 pachaka, ndipo pa kampeni analonjeza ina ya $400 mpaka $600, imene inabweradi chakumapeto kwa chakacho, chipani chake cha CAQ (Coalition avenir Québec) chitatenga mipando 90 mwa 125. Ine yanga ndinalandira, sindinabweze. Papsa tonola. Inathera pa matayala a nyengo yachisanu ndi theka la lendi, ndipo pofika Febuluwale ndinali nditaiwala kuti inabwera. Ndi mmene cheke ilili: imabwera kamodzi, pamene mtengo wa mkaka wokwerawo mumaulipira sabata iliyonse. Chinandiseketsa n'chakuti mnzanga wolandira $95,000, wa nyumba yakeyake, anapatsidwa $500 yomweyo imene anapatsidwa wotsuka mbale m'lesitilanti.

Za msonkho tiwerengere limodzi, chifukwa apa manambala ndi amene amanena zoona. Lonjezo lalikulu la CAQ linali kutsitsa msonkho wa pa malipiro ndi 1 peresenti pa magawo awiri oyamba, ndipo mu 2023 anachitadi: 15 inakhala 14, 20 inakhala 19. Zimamveka ngati aliyense wapindula mofanana. Koma ndalama zoyamba zimene munthu amalandira, pafupifupi $17,000 mu 2023, sizilipiridwa msonkho wa chigawo kale, ndiye 1 peresentiyo imayambira pamwamba pake. Wolandira $30,000 anapulumutsa ngati $130 pachaka. Wolandira $45,000, amene mwina ali pafupi ndi inu, ngati $280, kutanthauza madola asanu ndi kakhobidi pa sabata. Wolandira $98,000 kapena kuposa anapulumutsa $800 ndi kanthu. Wophunzira wa ganyu ya kumapeto kwa sabata, amene safika n'komwe pa $17,000, sanaone kalikonse. Boma lokha linataya pafupifupi $1.7 biliyoni pachaka, ndipo linati dzenjelo likwiriridwa pochepetsa ndalama zoika mu Fonds des générations, thumba limene linakhazikitsidwa mu 2006 kuti lizichepetsa ngongole ya chigawo. Mu Marichi 2024 nduna ya zachuma Eric Girard inalengeza bajeti yoperewera ndi $11 biliyoni. Sikuti ndi msonkhowo wokha unachititsa, malipiro a ogwira ntchito m'boma anakweranso pambuyo pa sitiraka ya kumapeto kwa 2023. Koma inu mumagwira ntchito m'nyumba ya okalamba, mukudziwa kumene kuperewera kwa bajeti kumakathera: usiku umene muli awiri pa ntchito ya anthu atatu.

Tsono fizi. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mtima wanga unasintha.

Mu 2012 ndinali mlendo ndithu mumzinda uno. Boma la Jean Charest wa chipani cha Liberal linali litalengeza mu 2011 kuti fizi ya yunivesite izikwera ndi $325 chaka chilichonse kwa zaka zisanu, kuchoka pa $2,168 kufika pa $3,793. Mu Febuluwale ophunzira anayamba kunyanyala makalasi. Chizindikiro chawo chinali kansalu kofiira kamakona anayi komangirira pachifuwa ndi pini, ndipo pofika Epulo unkakaona paliponse, pa majekete a agogo, pa zikwama, pa ngolo zokankhira makanda. Mu Meyi boma linapanga lamulo lapadera, Bill 78, loti gulu la anthu 50 kapena kuposa lisachite zionetsero lisanadziwitse apolisi maola 8 pasadakhale. Apo m'pamene mapoto anatuluka. Ikangokwana 8 koloko madzulo, msewu wathu wonse unkayamba kulira, wina pakhonde ndi sefuliya, wina ndi chivundikiro ndi supuni. Tsiku lachitatu nanenso ndinatsika ndi poto wanga wophikira nsima ndi mthiko. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, amene kwa miyezi isanu ndi itatu anali asanandipatsepo moni, anauyang'ana mthikowo n'kundifunsa m'Chifalansa kuti ndinaugula kuti. Poto uja mpaka lero ali ndi chibonyo pansi.

Pa 4 Sepitembala Charest anagonja, mpando wake womwe wa ku Sherbrooke anautaya. Pauline Marois wa chipani cha Parti québécois analowa ndi mipando 54, a Liberal 50. Mwezi womwewo anathetsa kukweza fizi kuja. Tinasangalala. Miyezi isanu itadutsa, mu Febuluwale 2013, boma lomwelo linalengeza kuti fizi izikwerabe, koma pang'onopang'ono, pafupifupi 3 peresenti pachaka, ngati $70. Ophunzira ambiri anati agulitsidwa, ine ndinagwirizana nawo. Lero ndikuona kuti Marois sanalakwitse.

Chimene sindinkadziwa ndikumenya poto uja ndi mbiri ya fiziyo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka 1990 inali itaima pa $540 kapena pafupi ndi pamenepo. Kenako boma la Robert Bourassa linaitsegula, ndipo m'zaka zochepa inawirikiza katatu. Inaimanso pa $1,668 kuyambira 1994 mpaka 2007. Pa zaka 13 zimenezo mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, ndiye ngakhale nambala papepala inali yomweyo, mphamvu ya ndalamayo inali itatsika ndi pafupifupi kota. Aphunzitsi, magetsi, mabuku, madenga odontha, zonsezo sizinaime. Fizi ikaimitsidwa, wina ayenera kuthira ndalama pa mpatawo chaka ndi chaka, ndipo wina ameneyo ndi wokhoma msonkho. Ngati boma lomwe laimitsa fizi latsitsanso msonkho, mpatawo umangokula mwakachetechete mpaka tsiku limene nduna ina idzabwere ndi 75 peresenti m'zaka zisanu zokha, ngati Charest, n'kugwera ana amene apezeka m'kalasi chaka chimenecho. A 2012 ankauzidwa kuti alipirire achimwene awo a 1999. Ndi chifukwa chake anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa.

Pali njira ina yokwirira mpatawo imene andale satchula pa kampeni, ndipo imatikhudza ife. Ku Ontario boma la Doug Ford linadula fizi ndi 10 peresenti mu 2019 n'kuiimitsa pomwepo. Makoleji anatembenukira kwa ophunzira ochokera kunja, amene amalipira kangapo kuposa eni dziko ndipo savota. Anadzaza makalasi mpaka Ottawa inaika malire pa ziphaso za ophunzira mu Januwale 2024, ndiye makoleji ambiri anayamba kutseka maphunziro ena ndi kuchotsa antchito. Kuno ku Quebec, mu Okutobala 2023 boma linalengeza kuti ochokera m'zigawo zina za Canada azilipira $17,000 m'malo mwa pafupifupi $9,000, phokoso litakula linatsitsa kufika pa $12,000, ndipo la ochokera kunja linaika poyambira pa $20,000 kapena pafupi. Choncho mukamva wina akuti fizi ya mwana wanu sikwera ndipo msonkho wanu utsika, kumbukirani mwana wa mchemwali wanu amene ali ku Zomba akulota zobwera kuno. Mwina biluyo yalembedwa dzina lake.

Sindikunena kuti ofuna yunivesite yaulere ndi olota. Chipani cha Québec solidaire chakhala chikunena zimenezi kwa zaka, ndipo cégep imene mwana wanu akumalizayo ndi umboni woti n'zotheka: kuyambira 1967 mwana wa kuno amaphunzira mu cégep ya boma osalipira fizi, kupatula tindalama ta apa ndi apo. Kungoti iwo amanena poyera kuti msonkho wa olemera ukwera, mu 2022 anafuna msonkho pa chuma choposa $1 miliyoni, ndipo anthu ambiri a nyumba zawozawo anathawa. Walira mvula walira matope. Amenewo mutha kutsutsana nawo pa masamu awo. Amene ndimawakayikira ine ndi olonjeza zonse zitatu nthawi imodzi: kutsitsa msonkho, kuimitsa fizi ndi kutsitsa mitengo. Marois yemweyo analonjezanso kuthetsa msonkho wa zaumoyo wa $200 pamunthu umene Charest anabweretsa. Atalowa anapeza kuti ndalama zake palibe pozitenga, anangousintha kuti uziyendera malipiro a munthu, ndipo unadzathetsedwa ndi boma lina mu 2017.

Kwa inu panokha, masamu ali chonchi. Fizi ya mwana wokhala ku Quebec ili pafupi ndi $3,000 pachaka, kuwonjezerapo zolipira zina za yunivesite, ndipo ndi imodzi mwa zotsikitsitsa mu Canada. Ikakwera ndi 3 peresenti ndi ngati $90. Lendi ya chipinda pafupi ndi yunivesite ikakwera ndi $50 pamwezi, ndi $600. Mwana wanu akamagona kwanu ku Laval n'kumakwera metro, mwapulumutsa zoposa zimene chipani chilichonse chingakulonjezeni pa fizi. Ndipo pa malipiro anu, chimene chingasinthe moyo wake kwambiri ndi Aide financière aux études, thandizo la boma la ngongole ndi mabasale, makamaka gawo la basale limene sabweza. Mu manifesito fufuzani mzere umenewo. Nthawi zambiri umabisala kumapeto, sufika pa zikwangwani za pa mapolo a magetsi.

Ofuna mavoti ayamba kugogoda pakhomo panu chakumapeto kwa Ogasiti. Ndili ndi funso limodzi loti muwasungire. Lamulo limene linaletsa mitengo ya boma, fizi ili momwemo, kukwera kupitirira 3 peresenti pachaka linapangidwa la zaka zinayi, likutha pa 31 Disembala 2026, miyezi itatu isanakwane chichitikire chisankho. Afunseni kuti pa 1 Januwale 2027 chikhalepo n'chiyani, ndipo ndalama zake zichokera kwa ndani. Akayamba kukamba za mabanja olimbikira ntchito, bwerezani funsolo.

Musaiwale kuona ngati dzina lanu lili m'kaundula wa Élections Québec, bungwe loyendetsa chisankho, chifukwa kukhala nzika pakokha sikutsimikiza kuti analilemba. Mwana wanunso, ngati wakwanitsa zaka 18 ndipo unzika analandira nanu limodzi, ali ndi voti yake, ndipo musadabwe ikasiyana ndi yanu.