Achemwali, za mabuku achikondi cha pa tchuthi zija

Achemwali, funso lanu ndaliona pagulu paja, koma kuti ndilembe zichuluka, ndiye ndingoyankhula. Mwati, "Mabuku akowa nkhani yake si imodzimodzi? Mkazi wapita kunja kukapuma, wakumana ndi mwamuna, basi. Umawakonderanji?"

Mbali ina mukunena zoona, sindikana. Chimango chake n'chimodzi. Mkazi watopa ndi ntchito, kapena chibwenzi chatha, kapena ukwati walephereka kutatsala masiku ochepa koma matikiti a ulendo wa akwati anagula kale. Ndiye akwera ndege yekha, akatsikira ku Greece kapena ku Italy. Mathero akenso amadziwika, chifukwa lamulo la mabuku amtunduwu ndi lakuti awiriwo athere limodzi, apo ayi tiwasiye ali ndi chiyembekezo. Akasiyana mpaka kalekale, owerenga amakwiya, amati atinamiza.

Si zayamba lero ayi. Kampani yosindikiza mabuku ya Mills & Boon inayamba ku London mu 1908, ndipo ya Harlequin inayamba ku Winnipeg, ku Canada, mu 1949, kenaka n'kugula Mills & Boon mu 1971. Timabuku tawo tija timakhala tochepa, masamba osafika 200, toti munthu amaliza usiku umodzi. Amuna olemera a ku Greece ndi ku Italy akhala akudzaza m'timabuku timeneti kwa zaka zambiri. Amasiku anowa ndi okulirapo, mkazi wake amakhala ndi ntchito yake ndi ndalama zake, sadikira kupulumutsidwa ndi munthu, koma muzu wake ndi womwewo.

Tsono ine sindiwerengera kuti ndidziwe ngati akwatirane. Chimene chimandigwira mtima ndi tikiti yobwerera ija. Mwamva? Tsiku loyamba lomwe, mkazi uja akudziwa kuti Loweruka la sabata yamawa akwera ndege. Ndiye chilichonse chimalemera. Zimene anthu awiri angabisirane chaka chathunthu, apa amauzana tsiku lachitatu, pakuti nthawi yozengereza palibe. Komanso kumene wapitako palibe womudziwa. Palibe amene akudziwa kuti ndi mwana wa uje, kuti anasiyidwa, kuti kuntchito amangoti duu. Amayankhula momasuka kwa nthawi yoyamba, n'kudzidabwa yekha. Ine pamenepo mtima umandigunda, chifukwa funso lake limakhala lakuti, kodi amene wakondedwayu ndi iye weniweni, kapena ndi munthu wa masiku khumi okha?

Pali kachigawo kamene kamabwera pafupifupi m'buku lililonse, koma sindikatopa nako. Usiku womaliza, sutikesi ili yotsegula pabedi. Mkazi akupinda zovala, akugwedeza nsapato mchenga n'kuthothoka pansi. Mwamuna wakhala pakhomo, sakulowa, sakuchoka. Onse akukamba za nthawi imene galimoto ibwere m'mawa, ngati kuti nkhani ndi imeneyo. Wolemba waluso amangowasiya choncho masamba atatu, iwe wowerenga misozi ili lengelenge, kufuna kuwakalipira kuti tanenani zimene zili mumtimazo.

Koma kuti mudziwe buku labwino, achemwali, musayang'ane dzuwa likulowa ku Oia, pa chilumba cha Santorini ku Greece, pamwamba pa tinyumba toyera tija. Zimenezo aliyense atha kulemba. Yang'anani zimene wolemba achite ndege ikanyamuka. Olemba aulesi amangoti mwamuna wathamangira kubwalo la ndege, wamugwira dzanja, buku latha. Ine zimenezo zimandipweteka, chifukwa pamenepo m'pamene nkhani imayambira. Mwachitsanzo, Greece ndi Italy ali m'gulu la mayiko a ku Ulaya lotchedwa Schengen, ndipo mlendo wochokera kumayiko ambiri akunja kwa gululi saloledwa kupitirira masiku 90 pa masiku 180 aliwonse ngati wangobwera kudzacheza. Ndiye mkazi wa ku America kapena wa ku Britain sangangoti ndatsala konkuno. Pafunika chilolezo china, pafunika wina asiye ntchito, asiye makolo ake okalamba, aphunzire chiyankhulo choti akathe kucheza ndi apongozi. Ndani asiye? Buku limene lalimba mtima kufunsa zimenezo ndimalisunga.

China chimene ndimayang'ana ndi mwamuna uja. M'mabuku ambiri amangokhala ngati chokongoletsera, wamaso okongola, wodziwa kuphika, wopezeka nthawi iliyonse imene mlendo wamufuna. Koma taganizani, munthu wogwira ntchito m'hotela kapena woyendetsa boti la alendo, mwezi wa July ndi August ndi pamene ntchito imamupanikiza kwambiri. Kwa mkaziyo ndi tchuthi, kwa iye ndi nyengo yopezera ndalama za chaka chonse. Ndipo nyengo yozizira ikafika, malo ngati Santorini kapena tauni ya Positano ku Italy, mahotela ambiri amatseka, misewu imangoti zii, mphepo ya panyanja ikuwomba. Wolemba amene wabweza mkazi uja mu January, kuti akaone malowo opanda alendo ndi mwamunayo ali wotopa, alibe ndalama zambiri, akukangana ndi mayi ake, ameneyo amalemekeza anthu ake. Akakondanabe pamenepo ndimakhulupirira.

Ndiye mukafuna kuyesa limodzi, tsegulani chakumapeto, osawerenga ayi, mungoona ngati patsala masamba ambiri kuchokera pamene mkazi wabwerera kwawo. Ngati atsala 50 kapena kuposa, tengani. Ndili nawo awiri otero, ndikupatsirani tikakumana, koma limodzi chikuto chake chinang'ambika, mundikhululukire.