Mafunso Anu: N'chifukwa chiyani intaneti imachedwa anthu akachuluka?

Funso: Ndimachita geni pamsika wina waukulu, ndipo ndaona kuti tsiku la msika intaneti ya pafoni imayenda mochedwa kwambiri, ngakhale foni ikusonyeza kuti netiweki ndi yodzaza. Kodi mafoni ambirimbiri amagawana bwanji nsanja imodzi? (Wowerenga wa ku Ntcheu)

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Timizere timene mumaona pafoni timangosonyeza mphamvu ya mafunde a wailesi ochokera ku nsanja, sitinena kuchuluka kwa anthu amene akudalira nsanjayo. Kampani iliyonse ya mafoni imapatsidwa gawo lake la mafunde ndi bungwe la MACRA, ndipo gawolo silikula chifukwa choti lero anthu achuluka. Zida ziwiri zikatumiza uthenga nthawi imodzi pa mafunde amodzimodzi, mauthengawo amawombana ndipo onse amawonongeka.

Vutoli analimbana nalo akatswiri a ku yunivesite ya Hawaii motsogozedwa ndi Norman Abramson, amene mu 1971 analumikiza makompyuta a m'zilumba zosiyanasiyana kudzera pa wailesi. Njira yawo, yotchedwa ALOHA, inali yosavuta: chida chizitumiza pamene chafuna, ndipo chikapanda kuyankhidwa chidikire pang'ono, kenako chitumizenso. Koma masamu anasonyeza kuti mwa njirayi, pa magawo 100 a mpata wonse wa mafunde, pafupifupi 18 okha ndi amene angagwire ntchito yopindulitsa. Mu 1972 katswiri wina, Lawrence Roberts, anaonetsa kuti nthawi ikadulidwa m'tizigawo tofanana, n'kulamula kuti aliyense aziyamba kutumiza kumayambiriro kwa kachigawo, chiwerengerocho chimafika pafupifupi 37.

Wi-Fi inawonjezera ulemu, pakuti chida chimayamba chamvetsera ngati wina akulankhula chisanatumize. Njirayi ndi yabwino panyumba, koma pagulu imafooka, makamaka chifukwa zida ziwiri zotalikirana sizimvana, choncho chilichonse chimayesa kuti kuli zii.

Netiweki ya 4G, imene mwina mukugwiritsa ntchito, ili ngati msonkhano wokhala ndi wapampando, kumene munthu salankhula asanapatsidwe mpata. Nsanja imagawa mafunde ake m'tinjira tating'onoting'ono tambirimbiri, njira yotchedwa OFDMA, ndipo ka 1,000 pa sekondi iliyonse imasankha kuti ndi foni iti imene ipatsidwe tinjira titi. Komabe foni ikamagogoda koyamba kuti ipatsidwe mpata, imachitabe mofanana ndi ALOHA yakale ija.

Povuta penipeni, m'kuona kwanga, ndi pa kasankhidweko. Nsanja ikamakondera mafoni amene ali pafupi, uthenga wambiri umadutsa, koma anthu akutali amatsala m'mbuyo. Ikafuna kuchitira onse mofanana, foni yakutali imadya mpata waukulu kuti ilandire uthenga wochepa, ndipo aliyense amachedwa. N'chifukwa chake makampani ambiri amasankha njira ya pakatikati, yoyang'ana mphamvu ya mafunde a foni pa nthawiyo komanso zimene foniyo yalandira kale.

Inuyo mungathandizike mukaima panja, pamalo poonekera nsanja, ndiponso mukamatumiza zithunzi ndi mavidiyo m'mamawa msika usanadzaze. Kuwonjezera nsanja kapena mafunde pamalopo ndi udindo wa kampani, choncho n'koyenera kuidziwitsa dzina la msikawo ndi masiku amene vutoli limakula.